Zimene Sindinakuuze za South Bend

Tadala mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi masana ano a Lachisanu, iwe uli ku Lafayette Square kokalukitsa tsitsi. Wanena kuti zitenga maola asanu, ndiye nthawi ndili nayo. Katundu wako yense ali kale m'galimoto, kupatula bokosi la mabuku lija lakanika kutsekeka. Ndalisiya pakhomo, ulinyamule wekha. Kuntchito ndasinthana shifiti ndi mnzanga kuti mawa ndikuperekeze bwinobwino mpaka ku koleji.

Ndiyambe ndi kukuuza kuti mtima wanga wakhala pansi. Chaka chathachi panali masiku amene ndinkaganiza kuti udzachoka m'nyumba muno tisakulankhulana. Koma taona, dzulo tinali limodzi pansi m'chipinda chako tikupinda zovala, tikuseka za masokosi ako osafanana. Ndikuthokoza Mulungu. Komabe pali zinthu zimene sindingathe kukuuza pakamwa, chifukwa ndikayamba m'Chichewa iwe umayankha m'Chingerezi, ine nkusokonezeka, nkhani nkuthera panjira. Papepala sundidula mawu. Uwerenge pang'onopang'ono. Chichewa umachimva, usanamizire.

Ukukumbukira tsiku lopereka mphoto kusukulu kwanu, mwezi wa Meyi? Mphunzitsi wako wa Chingerezi, bambo wandevu uja, anaimirira nkuwerenga chimangirizo chako pamaso pa makolo onse. Unalemba za mabuku akale a kuno ku America amene umawakonda, onena za anthu osiya kwawo nkupita kutali kukafuna chimene mtima wawo ukulota, odalira manja awo, osapempha kanthu kwa munthu. Kenako unalemba kuti iwe sunafunikire kuphunzira zimenezi m'buku, chifukwa mayi ako anabwera m'dziko lino ndi sutukesi imodzi, nachita zonse okha. Anthu anaomba m'manja. Mayi wina amene anakhala pafupi nane anandigwira dzanja, misozi ili mbwembwembwe. Ine ndinamwetulira, koma ndinali ndi manyazi. Nkhani imeneyo si yoona, Tadala. Ndine ndinakuuza choncho, ndipo ndine ndiyenera kuikonza usanapite nayo kutali.

Tiyambe ndi chala changa chaching'ono cha phazi lakumanzere, chija chilibe nsonga. Ndinakuuza kuti chinaphwanyidwa ndi mwala ndili mwana ku Ntcheu. Ayi ndithu. Chalacho ndinachisiya ku South Bend komwe ukupitako. Nditangofika kuchokera ku Malawi ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, bambo ako anali asanabwere. Anandilandira ndi mayi wina wa kwathu, a Felesiya, amene anali atakhala kale kumeneko zaka zambiri. Sitinali pachibale. Anangomva kutchalitchi kuti kukubwera mtsikana wopanda kofikira, iwo nkundipatsa chipinda chapansi m'nyumba mwawo. Anandipezeranso ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Masiku ena onse ndinkakwera basi, koma Lamlungu lina m'mwezi wa Januwale anandiika shifiti ya m'mawa, ndipo basi panalibe. A Felesiya anali ndi galimoto, anali m'chipinda chapamwamba, masitepe khumi okha kuchokera pamene ndinagona. Koma ine mumtima ndinati, anthu awa andipatsa pogona, andipatsa chakudya, ndiwadzutsenso? Adzati mtsikanayu ndi katundu. Ndinavala nsapato zanga zogula ku Limbe, nkuyamba kuyenda mu sinowo, chipale chozizira chija. Ndinkaganiza kuti ndi ulendo wa mphindi makumi atatu. Patatha ola ndi theka mapazi ndinali nditasiya kuwamva. Ndinafika, ndinagwira ntchito tsiku lonse osauza munthu, ndipo madzulo nditavula nsapato ndinapeza chala chasanduka chotuwa ngati kandulo. A Felesiya atandipeza ndikuchiviika m'madzi otentha anakuwa, "Esnati, wapenga? Chotsa phazilo!" Ali pa chiwongolero kupita nane kuchipatala anandifunsa funso limodzi lokha: "Pakamwa pako panali potseka?" Ndiye iwe, mwana wanga, pakamwa pako pasakhale potseka. Ukasowa njira, funsa. Ukazizidwa, nena. Kumeneko kumazizira kuposa kuno ku Lawrence, dera lathu lino la Indianapolis, mphepo yake imachokera kunyanja, ndipo siisankha kuti uyu ndi wanzeru m'kalasi.

Ukanaganiza kuti ndinaphunzirapo kanthu. Sindinaphunzire. Patapita zaka zitatu, bambo ako atabwera, ndinamaliza sukulu ya unesi, kunatsala mayeso aakulu opezera chilolezo. Panali gulu la amayi amene ankakumana Loweruka lililonse m'chipinda cha kutchalitchi kuwerengera limodzi mayeso omwewo. Anandiitana kangapo. Ndinakana. Ine ku sekondale ndinkakhala nambala wani, ndikakhale pansi ndi anthu ondifunsa mafunso ngati mwana? Ndinawerenga ndekha, ndinafeila. Sindinauze munthu aliyense kupatula bambo ako. Ndinawerenganso ndekha, ndinafeilanso. Nthawi imeneyo agogo ako kumudzi anali atauza kale mpingo wonse kuti mwana wawo ndi nesi ku America, chifukwa ine ndinawauza choncho pafoni zotsatira zisanatuluke. Chaka chathunthu ndinkayankha moni wa "anesi athu" ndikudziwa kuti ndikungosintha matewera a okalamba. Ntchitoyo si yochititsa manyazi, chochititsa manyazi linali bodzalo. Kachitatu ndinapita ku gulu lija mutu uli pansi. Mayi wina wa ku Philippines, wamfupi, wolankhula mofulumira, anangoyang'ana mmene ndinkayankhira mafunso nkunena kuti, "Iwe zinthu ukuzidziwa, koma ukuyankha funso limene sanakufunse." Anandionetsa m'mphindi khumi chimene ndinalephera kuchiona zaka ziwiri. Ndinakhoza. Chikalata chija chapachikidwa pabalaza chili ndi dzina langa lokha, koma pakanayenera kulembedwa mayina asanu ndi awiri. Usaiwale zimenezi ukadzapeza phunziro lokuvuta. Aphunzitsi amakhala ndi maola amene amatsegula chitseko kudikira ophunzira. Upiteko sabata yoyamba yomwe, usadikire kuti madzi afike m'khosi.

Tsopano ndikuuze cholakwa chachikulu. Unali ndi zaka zinayi pamene bambo ako anadwala. Madokotala anapeza khansa itafalikira kale. Ine ndinali nesi tsopano, ndiye ndinati mwamuna wanga ndimusamala ndekha. Ndinawauza bambo ako kuti tisauze anthu, chifukwa a kwathu akamva amadzaza nyumba, amalankhula, nkhani imafika ku Malawi isanapse. Iwo anavomera chifukwa anali munthu wosakonda kukangana. Anthu akafunsa kutchalitchi ndinkati atanganidwa ndi ntchito. A Felesiya akaimba foni kuti abwere, ndinkati tikutuluka. Miyezi isanu ndi iwiri ndinkachoka kuntchito nkuyamba ntchito ina kunyumba, kuwasambitsa, kuwamwetsa mankhwala, kukutenga iwe kusukulu ya mkaka. Ndinkadziona ngati mkazi wolimba. Tsiku lina masana, atakhala pampando pafupi ndi zenera, anandiuza kuti, "Amake Tadala, ndikulakalaka kumva amuna anzanga akukangana za mpira." Ndinayankha kuti, "Mukapeza bwino." Ine nesi, ndikudziwa bwino lomwe kuti sapeza bwino. Anamwalira patatha milungu itatu, asanamve mkangano wa mpirawo.

Pamaliro anthu anabwera ambiri, ochokera ku South Bend konse, ena kuno ku Indianapolis, ena ku Michigan. Anaphika, anaimba, anakonza zonse ine ndili chikhalire. Mwambo utatha a Felesiya ananditengera kukhitchini, natseka chitseko. Sanakweze mawu. Anati, "Esnati, mwamunayu sanali wako wekha. Anali mchimwene wathu. Watimana mwayi womutsanzika, ndipo iye wam'mana anthu ake." Mawuwo anali oona, nchifukwa chake anandipweteka. M'malo mogwada nkupepesa, ndinati mumtima, munthu angandilankhule chonchi tsiku loika mwamuna wanga? Pasanathe miyezi iwiri ndinali nditapeza ntchito kuno, ndinakunyamula iwe, nkusamuka osatsanzika. Anaimba foni kambirimbiri, sindinayankhe. Anatumiza khadi pa Khirisimasi zaka zitatu zotsatizana, kenako anasiya. Ukafunsa chifukwa chake sitipita ku South Bend kukaona manda a bambo ako kawirikawiri, ndinkati nkutali. Maola awiri ndi theka si kutali, Tadala. Ndinkaopa kukumana ndi anthu. Tikapita ndinkasankha pakati pa sabata, tiike maluwa, tibwerere msanga. Mayi wochita zonse yekha amene unamulemba uja ndi ameneyu. Kuima pawekha nkwabwino, koma uonetsetse kuti amene akulipira kulimba kwakoko si munthu wina amene alibe mphamvu zokutsutsa.

Usandimve molakwa. Sindikunena kuti maloto ndi oipa, kapena kuti mabuku ako akunama. Pamenepanso ndinalakwa, ndipo wolakwiridwa unali iwe. Unali m'chaka chachitatu cha sekondale pamene unandiuza, tikuchokera kutchalitchi, kuti ukufuna kukaphunzira za mabuku ndi zolembalemba, osati zamankhwala monga ndinkafunira. Ndinaimitsa galimoto pambali pa msewu. Ukukumbukira zimene ndinanena. Ndinati sindinawoloke nyanja kuti mwana wanga azikawerenga nthano za azungu akufa. Ndinati mabuku sadyeka. Iwe sunalire. Unangoti, "Chabwino, Mami," ndipo kuyambira tsiku limenelo unatseka pakamwa. Miyezi itatu m'nyumba muno munali ngati m'chipinda chodikirira dokotala. Moni, moni. Chakudya chapsa, zikomo. Chimene sindinakuuze nchakuti ine ndemwe ndili mtsikana ndinkafuna kukhala mphunzitsi wa Chingerezi. Ndinkabisa mabuku a nthano m'kati mwa buku la sayansi. Unesi ndinaulowa chifukwa ndi khomo limene linali lotsegula, ndipo ndaukonda, sindinama. Koma pamene unanena loto lako ndinamva ngati wina wakanda chilonda chakale, ndipo ndinakukalipira chifukwa cha ululu wanga, osati chifukwa cha tsogolo lako. Undikhululukire. Ndinanenapo kale pang'ono, koma ndikufuna zikhale zolembedwa.

Ndiye taona chimene unachita. Unaapulaya wekha, mwakachetechete. Mafomu onse, zimangirizo zonse, makalata a aphunzitsi, wekha. Ine ndinadziwa tsiku limene envulopu yaikulu inafika, yonena kuti akutenga ndipo akupatsa sikolashipu. Ndinakondwa, inde, ndinavina pabalaza mpaka unandijambula pafoni. Koma nditakhala pansi ndinachita mantha. Ndinafunsa kuti, "Bwanji sunandiuze?" Unayankha m'Chingerezi chako chofewacho kuti sunafune kuvutitsa munthu, kuti unaona kuti ungathe wekha, ngati ine. Mawu amenewo ndinawazindikira. Ndi omwe aja ndinadziuza pa masitepe a a Felesiya ndikumanga zingwe za nsapato. Ndinaona kuti ndakupatsira matenda anga, ndipo ukupita nawo kumzinda womwewo kumene ine anandigwetsa.

Chilimwe chino ndinatenga mabuku ako awiri pa shelefu osakuuza, ndinkawerenga pa nthawi yopuma kuntchito. Anzanga ankandiseka kuti mayi Esnati abwerera kusukulu. Ndivomere, ndi okoma. Pali masamba ena amene ndinawerenga kawiri, chifukwa munthu wosiya kwawo nkupita kumene sakudziwa ndimamumvetsa kuposa mmene mphunzitsi wako wandevu angamumvetsere. Njala imeneyo yofuna kukhala munthu wina wake, yokana kufera pamene unabadwira, ndi yomweyo inandikweza ndege. Usaitaye. Koma powerenga ndinali ndi funso limene silinandichoke. Anthu olimba mtimawa, ndani ankawachapira zovala? Ndani anawaphikira kamba wa paulendo? Atadwala malungo, ndani anawapatsa madzi? Ukayang'anitsitsa umawapeza, ali m'mphepete mwa nkhani, mzere umodzi kapena iwiri, mayi wina, mlongo wina, mnansi wopanda dzina. Wolemba amawadutsa mofulumira pothamangira ngwazi yake. Iwe ukupita kukaphunzira mabuku amenewa kwa anthu odziwa kuposa ine, ndipo sindikuphunzitsa ntchito yako. Ndikungopempha kuti ukamawerenga uziwafunafuna anthu a m'mphepetewo. Ndipo tsiku lina ukadzalemba buku lako, uwapatse mayina.

Tsopano imva chimene chachititsa kuti ndigone tulo tabwino sabata ino. Lachiwiri nditaweruka ndinakhala m'galimoto pamalo oimika magalimoto kuntchito, foni ili m'manja. Nambala ya a Felesiya ndinaipeza kwa mayi wina wa kutchalitchi kwathu kuno. Zaka khumi ndi zinayi, Tadala. Ndinaimba ndikupemphera kuti asayankhe. Anayankha foni itangolira kachiwiri.

Ndinati, "Achemwali, ndine Esnati."

Ndinamva wailesi ikulankhula kumbuyo, kenako anaizimitsa.

Anati, "Esnati wake uti? Wa chala uja?"

Ndinayamba kuseka, kusekako nkusanduka kulira, mawu onse amene ndinakonza nkubalalika. Ndinangoti, "Munanena zoona tsiku lija. Ndinalakwa. Pepani."

Iwo anati, "Inenso ndinalakwa tsiku. Zoona zake zinali zoona, koma sizinali za tsiku la maliro. Ndakhala nazo pamtima zaka zonsezi." Kenako, ngati kuti tinalankhulana dzulo, anafunsa, "Nanga mwana uja ali bwanji? Ankakana kuvala nsapato uja?"

Nditawauza kuti ukubwera kukoleji kumeneko, anakuwa mpaka ndinachotsa foni kukhutu. Anaitana amuna awo, "Bambo, bwerani mumve! Mwana wa malemu akubwera kuno!" Anandifunsa chimene ukaphunzire. Ndinayankha ndikudikira kuti anena zimene ndinanena ine, koma anati, "Eya, tatopa ndi manesi. Tikufuna wina woti adzalembe za ife tisanathe." Anandiuzanso chinthu chimene sindinkachidziwa. Chaka chilichonse, mwezi umene bambo ako anamwalira, amuna a kwathu okhala kumeneko amapita kumanda kukalambula ndi kuikapo maluwa. Ine ndinkaganiza kuti ndi ogwira ntchito kumandako amasamala bwino chonchija. Zaka khumi ndi zinayi anthu amene ndinawathawa akhala akusesa pamanda a mwamuna wanga, osandiuza, osafuna zikomo.

Ndiye ukafika uli ndi kwanu. A Felesiya tsopano ndi okalamba, bondo likuwavuta, koma pakamwa mpomwe paja. Uziwatchula kuti anti, uziwapatsa ulemu wa akulu, osati "iwe" wako wa Chingerezi uja. Akakupatsa chinthu ulandire ndi manja awiri. Sindikuti uzipita kwawo sabata iliyonse ayi. Ukhale ndi moyo wako, upeze anzako a mitundu yonse, upite kumene ukufuna, ulakwitse zolakwitsa zako zatsopano, osati kubwereza zanga. Koma kamodzi pamwezi ukawaone. Akakufunsa kuti zikuyenda bwanji, usayankhe kuti bwinobwino ngati sizili bwino. Amuna a kumeneko akayamba kukuuza za bambo ako, ukhale pansi umvetsere. Ali ndi nkhani zawo zimene ine ndilibe, za munthu amene ankaseka kwambiri ndisanamutsekere m'nyumba.

Zina ndi zazing'ono. Jekete lalikulu lija uyambe kuvala mu Novembala, usadikire kuona anzako. Nsapato za sinowo ndaziika pansi pa mpando wakumbuyo, ndagula zokulirapo kuti uzivala ndi masokosi awiri. Mankhwala ako a chifuwa ali m'thumba lam'mbali la chikwama chofiira, ndipo tsiku loyamba lomwe umuuze mnzako wogona naye chipinda kumene ali ndi mmene amagwirira ntchito. Usachite manyazi. Uzidya. Ukapeza mnyamata, ndimve kwa iwe, osati kwa a Felesiya, chifukwa iwo adzadziwa ndithu. Ukalephera mayeso undiimbire tsiku lomwelo, ndikulonjeza kuti sindiimitsa galimoto pambali pa msewu. Ndipo ukadzaona kuti loto lako lasintha, kuti ukufuna china, usaumirire chifukwa choopa kuti ndidzati ndinanena. Sindidzanena.

Za ine usadandaule. Ndalowa gulu la amayi a Lachinayi kutchalitchi, amene ndakhala ndikuwakana zaka zonsezi. Sabata yatha ndinawauza kuti mwana wanga akuchoka ndipo ndikuopa nyumba yopanda phokoso. Kungonena chabe, ndinamva ngati ndatula mtolo wa nkhuni. Mayi wina wati azibwera Loweruka tiziyenda limodzi kupaki ya ku Fort Harrison. Ndavomera ndisanapeze chifukwa chokanira.

Kalatayi ndikupatsa madzulo ano, osati mawa, kuti ngati uli ndi mafunso undifunse tili m'njira. Funsa chilichonse, za bambo ako, za ine, ndiyankha zoona. Tinyamuka ikamakwana eyiti. Ndiyendetsa ine mpaka ku Kokomo, tikamwe tiyi pamenepo. Kuchokera apo makiyi ndikupatsa iwe. Ndikufuna ulowe mu South Bend uli pa chiwongolero, ine ndili pambali pako, ndikungokuuza pokhotera ukandifunsa.

Pita bwino, mwana wanga. Mulungu akutsogolere, ndipo anthu akuzungulire.

Ndine mayi ako,
Esnati